Spotrac ndi malipiro a mu NBA: tsamba lothandiza, koma nambala zake si ndalama zimene wosewera amalandira

Spotrac ndi tsamba la pa intaneti limene limasonkhanitsa makontirakiti a osewera a m'maligi akuluakulu a ku America, ndipo gawo lake la NBA, ligi yaikulu ya mpira wa basketball, ndi kumene ambiri amathamangira mkangano wa malipiro ukabuka. Zambiri mumaziwerenga ulere, kungopirira zotsatsa malonda, ndipo pali gawo lolipira la amene akufuna kukumba mozama. Tinene mosapsatira poyambirira pomwe. Ngati mukufuna kudziwa kuti timu yakutiyakuti yatsala ndi mpata wanji wolembera osewera, kapena kuti ilipira msonkho wochuluka bwanji, masamba aulere ofanana nalo ndi ochepa. Koma ngati funso lanu ndi la mmene ndalama za ligi zimagawidwira pakati pa osewera ndi eni matimu, Spotrac ikupatsani theka la yankho, ndipo theka limenelo limasokeretsa munthu amene sakudziwa linalo.

Theka losowalo ndi ili. Ndalama zimene ligi ndi matimu ake 30 amapeza kuchokera ku mpira zimawerengedwa ngati thumba limodzi lotchedwa Basketball Related Income, mwachidule BRI. M'thumbamo muli ndalama za matikiti, za makampani oonetsa magemu pa TV m'dziko lonse ndi m'mizinda ya matimu, za makampani otsatsa malonda awo kudzera m'matimu, za majezi ndi katundu wina wa ligi, za chakudya ndi malo oimika galimoto pabwalo, komanso gawo chabe la ndalama za zikwangwani, zipinda zapamwamba zoonerera ndi dzina la bwalo. Mgwirizano wa ligi ndi bungwe la osewera la NBPA umati osewera onse pamodzi atenge pakati pa 49 ndi 51 peresenti ya thumbali. Kawerengedwe kake amayambira pa theka la ndalama zimene zinayembekezereka, n'kuonjezera 60.5 peresenti ya zimene zapitirira pamenepo, kapena kuchotsa 60.5 peresenti ya zimene zaperewera, osapyola malire a 51 kapena 49. Popeza ligi yakhala ikupeza zoposa zoyembekezereka, zaka zambiri gawo la osewera limakhala 51 peresenti. Ndipo mu 51 peresentiyo si malipiro okha ayi, mulinso penshoni, inshuwalansi ya chipatala ndi zina zotero.

Sizinayambe choncho. Mpaka mu 2011 osewera ankatenga 57 peresenti. Chaka chimenecho eni matimu, posagwirizana ndi osewera pa za ndalama, anatseka zipata n'kuimitsa ligi kwa masiku 161, sizoni inayamba tsiku la Khirisimasi, timu iliyonse n'kusewera magemu 66 m'malo mwa 82, ndipo osewera anavomera kutsika kufika pamene ali lero. Migwirizano ya 2017 ndi 2023 sinasunthe malire amenewa. Wa 2023 unayamba kugwira ntchito pa 1 July chaka chomwecho ndipo ukuyenera kufika sizoni ya 2029-30, ngakhale mbali iliyonse ili ndi ufulu wotulukamo kutatsala chaka chimodzi.

Salary cap, malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera ake onse pa sizoni, imene Spotrac imaika pa tsamba la timu iliyonse, imachokera ku BRI yomweyi. Amatenga 44.74 peresenti ya BRI imene akuyembekezera sizoni ikubwerayo, n'kuchotsapo ndalama za penshoni ndi zina zija, zotsalazo n'kugawa pa matimu 30. Wina angafunse kuti bwanji 44.74 pamene osewera akuyenera kulandira 51. Chifukwa chake n'chakuti cap ya NBA ndi yofewa. Timu imaloledwa kuipyola posunga wosewera wake yemwe, polemba osewera a malipiro otsikitsitsa, kapena pogwiritsa ntchito mid-level exception, chilolezo cholembera wosewera wa malipiro apakatikati, ndipo matimu ambiri amakhaladi pamwamba pake. Mpata wa pakati pa 44.74 ndi 51 anausiyira kupyola kumeneku. Cap yoyamba, ya 1984-85, inali $3.6 miliyoni. Ya 2024-25 inali $140.588 miliyoni, ndipo ya 2025-26 ndi $154.647 miliyoni. Pansi palinso malire: timu iyenera kulipira osewera ake osachepera 90 peresenti ya cap.

Tsopano tilowe pa tsamba lenilenilo, pamene Spotrac imaonetsa mphamvu zake. Mukasankha NBA, n'kusankha timu ndi sizoni, mumapeza osewera onse a timuyo atandandalikidwa kuyambira wolandira zambiri, aliyense ndi cap hit yake, ndalama imene amawerengedwa pa cap, komanso peresenti ya cap imene akudya. Pansi pake pali ndalama za osewera amene anachotsedwa koma akuwerengedwabe, kenako cap holds, nambala zogwirizira malo a osewera amene makontirakiti awo atha, kenako chidule choonetsa kuti timu ili kutali bwanji ndi cap, ndi mzere wa luxury tax, msonkho umene timu yolipira osewera mopyola muyezo imapereka ku ligi, ndi ma apron awiri, malire ena a pamwamba pa msonkhowo. Palinso kaonedwe ka zaka zingapo pamodzi, kamene kamaonetsa chaka chimene wosewera ali ndi ufulu wosankha kukhala kapena kuchoka, chaka chimene ufuluwo uli m'manja mwa timu, ndi chaka chimene adzakhale womasuka. Pa foni matebulo amenewa ndi otambalala kwambiri, muyenera kumakokera chala uku ndi uku, choncho ntchito yeniyeni ichitireni pa kompyuta.

Mzere wa peresenti ndiwo wofunika kuposa wa madola, ndipo Spotrac inachita bwino kuuika poonekera. Malipiro apamwamba kwambiri mu NBA salembedwa m'madola mumgwirizano, amalembedwa ngati gawo la cap: 25 peresenti kwa wosewera amene sanapyole zaka 6 mu ligi, 30 peresenti kwa wa zaka 7 mpaka 9, ndi 35 peresenti kwa wa zaka 10 kupita mtsogolo. Mu 2025-26 ndiye kuti $38.66 miliyoni, $46.39 miliyoni ndi $54.13 miliyoni. Wosewera akhoza kudumpha sitepe imodzi ngati wasankhidwa mu All-NBA, mndandanda wa osewera opambana a sizoni, kapena wapata mphoto ya MVP, ya wosewera wabwino koposa onse, kapena ya wotchinga bwino koposa, ndipo kuyambira 2023 ayenera kukhala atasewera magemu 65 kuti aganiziridwe pa mphotozi. Akasaina ndi timu yake, malipiro amakwera ndi 8 peresenti ya chaka choyamba chaka chilichonse, kwa zaka zosapyola zisanu. Akapita timu ina, ndi 5 peresenti kwa zaka zinayi.

Onani zimene zinachitika ndi Jaylen Brown wa Boston Celtics. Mu July 2023 manyuzi onse analengeza kuti wasaina kontirakiti ya zaka zisanu ya $304 miliyoni. Chimene anasaina chenicheni chinali 35 peresenti ya cap ya 2024-25, imene pa nthawiyo inali isanadziwike, ndipo $304 miliyoniyo inachokera poganizira kuti cap ikwera ndi 10 peresenti. Sinakwere choncho, inangochoka pa $136.021 miliyoni kufika pa $140.588 miliyoni. Werengerani nokha: 35 peresenti ya $140.588 miliyoni ndi $49.2 miliyoni, ndipo kontirakiti ya zaka zisanu yokwera ndi 8 peresenti imakwana malipiro a chaka choyamba kuchulukitsa ndi 5.8, ndiye kuti $285.4 miliyoni. Ndalama zoposa $18 miliyoni zinasowa popanda wina kusintha chilembo chimodzi pa pepala. Mnzake Jayson Tatum anayambira pa cap ya 2025-26 imene inakweradi ndi 10 peresenti, ndipo $54.13 miliyoni kuchulukitsa ndi 5.8 imapereka pafupifupi $314 miliyoni monga momwe analengezera. Choncho mukaona pa Spotrac kontirakiti yapamwamba imene sinayambe kugwira ntchito, dziwani kuti nambalayo ndi yongoyerekeza mpaka ligi italengeza cap kumapeto kwa June.

Kusiyanitsa cap hit ndi ndalama zimene wosewera akulandira ndi chinthu china chimene tsambali limathandiza, bola muziyang'ana mizere yonse. Chitsanzo chabwino ndi mkulu amene wakhala mu ligi zaka 10 n'kusaina chaka chimodzi pa malipiro otsikitsitsa. Mu 2025-26 amalandira $3,634,153, koma pa cap ya timu amawerengedwa $2,296,274 yokha, imene ndi malipiro otsikitsitsa a wosewera wa zaka ziwiri, ndipo yotsalayo imabwezedwa ndi ligi. Lamuloli analiika kuti matimu asamataye akuluakulu n'kumalemba anyamata pofuna kupulumutsa ndalama. Amene amangokopera mzere woyamba amapeza nambala yosiyana ndi ya pa tsamba lina n'kuyamba kunena kuti limodzi likunama, pamene onse awiri akunena zoona pa zinthu zosiyana.

Gawo la osewera ochotsedwa musalidumphe, chifukwa apa m'pamene pamabisala zolakwa za akuluakulu a matimu. Timu ikachotsa wosewera amene malipiro ake ndi otsimikizika, imamulipirabe, koma ikhoza kutambasula ndalamazo pa cap kwa zaka zotsalazo kuchulukitsa kawiri, kuonjezapo chimodzi. Mu July 2025 Milwaukee Bucks inachotsa Damian Lillard atatsala ndi zaka ziwiri ndi ndalama pafupifupi $113 miliyoni. Zaka ziwiri kuchulukitsa kawiri kuonjeza chimodzi ndi zisanu, ndiye pa tsamba la Bucks mupeza dzina lake ndi $22.5 miliyoni chaka chilichonse mpaka 2029-30, iye ali wosewera wa Portland. Mpata umene unatseguka ndi umene Bucks inalembera Myles Turner.

Cap holds ndi zimene zimadya mutu kwa ongoyamba kumene. Wosewera kontirakiti yake ikatha, dzina lake limakhalabe pa cap ya timu yake ndi nambala yogwirizira malo, mpaka atasainanso, atapita kwina, kapena timu italengeza kuti yamusiya. Nambala imeneyi palibe amene akulandira. Kumayambiriro kwa July timu ikhoza kuoneka ngati yapyola cap ndi mamiliyoni ambiri pamene kwenikweni ili ndi mpata, ikangosiya osewera atatu kapena anayi. Koma ikawasiya imatayanso ufulu wowasainanso mopyola cap. Spotrac imaonetsa nambalazo bwinobwino, koma kusankha kuti ndi ziti zimene timu idzasiye ndi ntchito ya mutu wanu.

Pa luxury tax, tsambali limakuchitirani masamu amene ambiri amalakwitsa. Mzere wa msonkho mu 2025-26 uli pa $187.895 miliyoni, ndipo msonkhowo umakwera m'masitepe, sitepe iliyonse ya $5.685 miliyoni. Pa sitepe yoyamba timu imalipira $1.00 pa dola iliyonse, yachiwiri $1.25, yachitatu $3.50, yachinayi $4.75. Tiyerekeze timu imene yapyola mzerewu ndi $20 miliyoni. Sitepe yoyamba ndi $5.685 miliyoni, yachiwiri $7.106 miliyoni, yachitatu $19.898 miliyoni, ndipo $2.945 miliyoni yotsala pa $4.75 ndi $13.989 miliyoni. Zonse pamodzi $46.7 miliyoni. Ngati timuyo inalipira msonkho m'masizoni atatu mwa anayi apitawo, sitepe iliyonse imakwera ndi $2.00, ndipo bilu imafika $86.7 miliyoni. Samalani poyerekeza ndi zaka zam'mbuyo, chifukwa mpaka 2024-25 mitengo inali $1.50, $1.75, $2.50 ndi $3.25. Dongosolo latsopanoli limachitira chifundo wopyola pang'ono n'kulanga wopyola kwambiri.

Zinthu ziwiri za msonkhowu tsamba silikukumbutsani. Choyamba, bilu yeniyeni imawerengedwa potengera malipiro a timu pa tsiku lomaliza la sizoni yanthawi zonse, magemu olimbirana chikho asanayambe, choncho nambala imene mukuona mu November ikhoza kufufutika mu February timu ikasinthanitsa wosewera mmodzi. Chachiwiri, chimene chikukhudza nkhani yathu mwachindunji, n'chakuti ndalama za msonkho sizipita kwa osewera ndipo siziwerengedwa mu 51 peresenti ija. Zimazungulira pakati pa eni matimu okhaokha: mpaka theka lake limagawidwa kwa matimu amene sanalipire msonkho, lotsalalo limagwira ntchito za ligi. Golden State Warriors italipira pafupifupi $177 miliyoni mu 2023-24, palibe dola imodzi imene inaonjezeredwa pa gawo la osewera.

Ma apron ndi malire ena awiri pamwamba pa msonkho, $195.945 miliyoni ndi $207.824 miliyoni mu 2025-26, ndipo chilango chake si ndalama koma kumangidwa manja. Timu imene ili pamwamba pa apron yoyamba singalandire malipiro oposa amene yatumiza posinthanitsa osewera, ndipo singapeze wosewera kudzera mu sign-and-trade, pamene wosewera amasaina ndi timu yake n'kutumizidwa nthawi yomweyo ku timu ina. Pamwamba pa yachiwiri singaphatikize malipiro a osewera awiri kuti ipeze mmodzi wodula, singatumize ndalama posinthanitsa, ilibe mid-level exception iliyonse, ndipo mwayi wake wosankha wosewera mu raundi yoyamba ya draft (chisankho cha pachaka cha osewera atsopano) ya zaka 7 kutsogolo umatsekedwa kuti usagulitsidwe. N'chifukwa chake Boston inatumiza Jrue Holiday ku Portland ndi Kristaps Porzingis ku Atlanta mu 2025, patangopita chaka chimodzi itatenga chikho. Spotrac ili ndi makina oyesera kusinthanitsa osewera amene amatsatira malamulo amenewa, ndipo ndi malo abwino ophunzirirapo. Kungoti makina amangoyankha kuti malamulo akulola kapena ayi, sakuuzani ngati timu inayo ingavomere. Kumbukiraninso kuti ma bonasi amene amaonedwa ngati ovuta kuwapeza sawerengedwa pa cap koma amawerengedwa pa apron, n'chifukwa chake malipiro a timu imodzimodzi amasiyana pang'ono pa mizere iwiriyi.

Mpaka apa ndi chiyamikiro. Pogona nkhani ndi pa escrow.

Popeza makontirakiti amasainidwa mmodzimmodzi, ndi matimu 30 amene aliyense akuthamangira zake, palibe chimene chimatsimikizira kuti malipiro onse akaphatikizidwa adzagwera ndendende pa 51 peresenti ya BRI. Choncho pa malipiro alionse a wosewera, 10 peresenti imayamba yasungidwa pambali, ndipo imeneyi ndiyo escrow. Sizoni ikatha owerengera mabuku amatsimikizira BRI yeniyeni, n'kuwerengera gawo la osewera, n'kuyerekeza ndi zimene matimu analonjeza m'makontirakiti kuphatikizapo penshoni ndi zina zija. Ngati zolonjezazo zapyola gawo la osewera, chopyolacho chimatengedwa pa ndalama zosungidwazo n'kubwerera kwa eni matimu, chotsala ndiye chimabwezedwa kwa osewera. Ngati zaperewera, osewera amalandira 10 peresenti yawo yonse, ndipo ligi imawaonjezera cheke chokwaniritsira.

Mu 2024-25 escrow inaluma. BRI inakwana pafupifupi $10.25 biliyoni, ndiye gawo la osewera linali pafupifupi $5.23 biliyoni, koma makontirakiti anapyola pamenepo ndi ndalama zoposa $480 miliyoni. Osewera anatsala ndi pafupifupi 90.9 peresenti ya malipiro awo. Mwa zina zimene zinachepetsa ndalama ndi mavuto a TV za m'mizinda, makamaka kampani ya Diamond Sports Group imene inkaonetsa magemu a matimu ambiri ndipo inalengeza mu 2023 kuti yalephera kubweza ngongole zake. Tsegulani tsamba la Stephen Curry wa Warriors pa sizoni imeneyo, mupeza $55,761,216. Imeneyo ndi nambala ya pa kontirakiti, ndipo ndi yolondola. Koma 9.1 peresenti yake, kupitirira pang'ono $5 miliyoni, sinafike kwa iye. Mnyamata wa chaka choyamba wa malipiro otsikitsitsa, $1,157,153, nayenso anataya gawo lomwelo, pafupifupi $105,000. Escrow siyang'ana nkhope.

Apa mpamene munthu wongowerenga matebulo amamvetsa zinthu mozondoka. Akaona mwini timu wina akumwaza ndalama, amati osewera apindula ndipo eni matimu aluza. Ayi. Gawo la osewera onse pamodzi linakhazikitsidwa kale ndi BRI, ndipo silikula chifukwa choti timu ina yalipira mopyola. Zili ngati abale odyera mbale imodzi: wina akatapa kwambiri, mbale siikula, amene achepekedwa ndi anzake. Kontirakiti iliyonse yokwera mopitirira muyezo, kuphatikizapo za osewera ochotsedwa zija, imalipiridwa pang'onopang'ono ndi osewera ena onse kudzera mu escrow. Mwini timu womwazayo amaluzadi m'thumba mwake, koma eni matimu onse pamodzi amatsala ndi 49 peresenti yawo osakhudzidwa. Mfundo imeneyi ndi msana wa kagawidwe konse, ndipo tebulo la timu kapena la wosewera pa Spotrac silikusonyezani. Si kulakwitsa nambala, koma tsamba lotchuka chonchi likanachita bwino kuika mzere umodzi pansi pa sizoni iliyonse yomalizidwa wonena peresenti imene osewera anatsala nayo.

Nthawi zina 10 peresenti simakwana. Mliri wa Covid-19 utaimitsa ligi mu March 2020, anayamba kudula 25 peresenti pa malipiro kuyambira pa 15 May, ndipo pambuyo pake mbali ziwirizi zinagwirizana zomwaza kuperewerako pa masizoni angapo, osadula zoposa 20 peresenti pa sizoni imodzi. Cap anaisiya pa $109.14 miliyoni zaka ziwiri zotsatizana m'malo moitsitsa. Aliyense amene akuphatikiza ndalama zimene wosewera wapeza pa moyo wake wonse wa mpira potengera nambala za m'makontirakiti azidziwa kuti zaka zimenezo ndi zokokomeza.

Ndipo zikachoka za escrow, pali zina zodulidwa zimene tsamba lililonse la mtundu umenewu silingathe kuonetsa: wothandizira wosewera pa zokambirana amaloledwa kutenga mpaka 4 peresenti, pali msonkho wa boma la America, msonkho wa chigawo chimene timu ili, ndi msonkho umene zigawo zina zimadula kwa osewera obwera kudzasewera kwawo. Texas ndi Florida kulibe msonkho wa chigawo pa malipiro, California ndi wokwera, ndiye $30 miliyoni ya ku Dallas kapena ku Miami si yofanana ndi $30 miliyoni ya ku Los Angeles. Pa izi sitingaidzudzule Spotrac.

Mbali ya eni matimu ndiye simuoneka n'komwe, ndipo ndi yofunika pa mkangano woti ndani akupindula. 49 peresenti si phindu ayi, mmenemo ndi mmene mumachokera malipiro a makochi ndi ogwira ntchito ena, ndege, mahotela ndi kusamalira bwalo. Koma kumbali ina, pali chuma chimene sichilowa mu BRI. Timu ikagulitsidwa, osewera sapatako kanthu. Mu 2025 Celtics inagulitsidwa kwa gulu la Bill Chisholm pa mtengo wa $6.1 biliyoni, ndipo chaka chomwecho Mark Walter anagwirizana zogula Los Angeles Lakers pa mtengo wowerengera timuyo $10 biliyoni. Ndalama imene timu yatsopano imalipira kuti ilowe mu ligi nayonso imagawidwa kwa eni matimu okha. Amene amati osewera amatenga zoposa theka akunena zoona pa BRI, osati pa chuma chonse cha ligi.

Kagawidwe ka pakati pa matimu okhaokha ndi nkhani inanso yapadera. Ndalama za TV za dziko lonse zimagawidwa mofanana kwa matimu 30, koma za TV ya mumzinda ndi za matikiti a pakhomo zimasiyana kutalitali pakati pa timu ya ku New York kapena Los Angeles ndi ya ku Memphis kapena New Orleans. Ligi ili ndi dongosolo lake limene matimu olemera amathandizira osauka, koma mabuku a matimu sasindikizidwa poyera, choncho tsamba lililonse lokuuzani phindu la timu likungoyerekeza. Spotrac silowerera zimenezi, ndipo ndi bwino kutero kusiyana n'kupeka.

Chenjezo lina ndi la WNBA, ligi ya amayi, imene ilinso pa tsamba lomweli ndi matebulo ooneka chimodzimodzi. Kufanana kwa matebulo kusakupusitseni. Pa mgwirizano wa 2020, cap ya WNBA sinamangidwe ku peresenti ya ndalama za ligi ngati ya NBA, inkangokwera ndi 3 peresenti pachaka, ndipo mu 2025 inali $1,507,100 pa timu yonse. Nkhani imeneyi ndi imodzi mwa zimene zinachititsa osewera kutuluka mumgwirizanowo mu October 2024. Masamu a BRI amene tafotokoza musawagwiritse ntchito pa masizoni amenewo.

Nanga nambala zake n'zodalirika bwanji? Spotrac si ya ligi kapena ya bungwe la osewera, ndipo NBA sifalitsa makontirakiti. Nambala zimachokera ku malipoti, ndipo malipoti oyambirira kawirikawiri amanena ndalama yaikulu kwambiri imene wosewera angapeze, kuphatikizapo ma bonasi ndi zaka zosatsimikizika. Nthawi yoopsa ndi kuyambira pa 30 June, pamene zokambirana zimatsegulidwa, mpaka pa 6 July pamene makontirakiti ambiri amayamba kusainidwa. M'masiku amenewo tengani chilichonse ngati chongoyembekezera, dikirani kaye kuti chikhazikike. Pa nkhani yofunika yerekezani ndi tsamba la makontirakiti la Basketball-Reference, limene ndi losavuta ndipo limaonetsa ndalama zotsimikizika pa mzere wakewake, ngakhale silikuwerengerani msonkho mwatsatanetsatane ngati Spotrac. Pa lamulo lenilenilo palibe choloweza m'malo mwa mgwirizano wa 2023, wa masamba 676, umene NBPA inaika pa intaneti. Article VII ndi imene ili ndi BRI, cap ndi kadulidwe ka malipiro.

Pa gawo lolipira, wokonda mpira wamba salifuna. Zonse zimene tatchula pano, matebulo a matimu, makontirakiti, msonkho ndi ma apron, zimaoneka popanda kulipira. Amene angaganizire zolipira ndi wolemba nkhani za malipiro tsiku ndi tsiku kapena wofufuza mbiri ya zaka zambiri.

Kuwerenga masizoni akubwerawa kumafuna kusamala kwa mbali inayo. Mu 2016 mgwirizano wa TV wa $24 biliyoni wa zaka 9 utayamba, cap inadumpha kuchoka pa $70 miliyoni kufika pa $94.143 miliyoni nthawi imodzi, chifukwa bungwe la osewera linakana kuti ikwere pang'onopang'ono. Ndi mpata umenewo umene Warriors inalembera Kevin Durant, ndipo Lakers inapatsa Timofey Mozgov $64 miliyoni ndi Luol Deng $72 miliyoni. Pofuna kuti zimenezo zisabwerezedwe, mgwirizano wa 2023 unaletsa cap kukwera zoposa 10 peresenti pachaka. Tsopano mgwirizano watsopano wa TV ndi Disney, NBCUniversal ndi Amazon, wa zaka 11 ndi ndalama pafupifupi $76 biliyoni, unayamba mu 2025-26, ndipo cap inakwera ndi 10 peresenti yokhayo yololedwa. Ngati BRI ikukula mofulumira kuposa makontirakiti, 51 peresenti idzapyola zimene matimu analonjeza, escrow idzabwezedwa yonse, ndipo cheke chokwaniritsira chidzatsatira. Pa sizoni yotero nambala ya pa Spotrac idzakhala yochepa kuposa imene wosewera walandira. Choncho powerengera sizoni imene ili mkati, tengani 90 peresenti ya nambala ya pa tsamba ngati ndalama imene wosewera ali nayo m'manja, ndipo 10 peresenti yotsalayo muisiye polekeza mpaka mabuku a BRI atatsekedwa sizoni ikatha.